Kodi kanthu kosaoneka ndi maso amakaumba bwanji?

Funso langa ndi lachibwana, koma ndilifunsabe. Ku Daejeon m'dziko la South Korea, ku Sheffield ku England ndi ku Santa Barbara ku America kuli anthu ophunzira kwambiri amene amalawirira ku ntchito m'mawa uliwonse, ndipo ntchito yawoyo ndi yosankhira maonekedwe tinthu tapulasitiki tosaoneka ndi maso. Lero afuna tobulungira, mawa tosongoka uku ndi uku, mkuja taphwatalala. Tambiri mwa tinthuti, kuti tifanane ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi la m'mutu, pafunika kundandalika 100 kapena kuposapo. Nanga kanthu kotere amakagwira ndi chiyani? Mpeni wokasemera ndi wotani, ndipo anausula ndani?

Amene ndimamutopetsa ndi mafunso otere ndi mwana wa mchemwali wanga, mtsikana amene anaphunzira sayansi ya mapulasitiki. Mwayi wake ndi wakuti sapsa mtima msanga.

"Amalume," anatero, "palibe amene amakagwira. Kamadziumba kokha."

"Ngati kamadziumba kokha, anzakowo amalandira malipiro a chiyani?"

Anaseka, nati tiyambire poyambira.

Pulasitiki aliyense ndi polima, ndipo polima ndi unyolo wautali wa tizidutswa tofanana tolumikizana, nthawi zina masauzande pa unyolo umodzi. Jumbo wogulira tomato ndi unyolo wotchedwa polyethylene. Zoyera zopepuka zija amatchingira nazo wailesi kapena firiji yatsopano m'katoni ndi polystyrene. Hermann Staudinger wa ku Germany atanena mu 1920 kuti mamolekyu amatha kutalika chonchi, akatswiri anzake anamutsutsa kwa zaka zambiri, ndipo mphoto ya Nobel anadzailandira mu 1953.

Chachiwiri n'chakuti mapolima awiri osiyana kawirikawiri sagwirizana. Muwasungunule pamodzi, mutakase mmene mungathere, mukangoleka aliyense amabwerera kwa anzake. Ndinafunsa chifukwa chake, popeza kachasu ndi madzi zimalowana popanda vuto. Anati mamolekyu ang'onoang'ono amayendayenda momasuka, ndipo kuyendayenda komweko kumawasakaniza ngakhale asakondane kwenikweni. Koma unyolo wautali sungamwazike kachidutswa uku kachidutswa uko. Umayenda wonse pamodzi, choncho kachidani kakang'ono kamakwanira kuwapatula. Paul Flory ndi Maurice Huggins anawerengera zimenezi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1940, aliyense payekha.

"Ndiye block copolymer wakoyo n'chiyani?"

"Ndi pamene mwatenga maunyolo awiri osagwirizanawo n'kuwalumikiza nsonga, akhale unyolo umodzi. Tayerekezani galu ndi mbuzi zomangidwa chingwe chimodzi. Ndiye si galu mmodzi ayi. Ndi agalu masauzande, aliyense ndi mbuzi yake, zonse m'khola limodzi."

Apa ndiye ndinamva. Agalu afuna kukhala ndi agalu anzawo, mbuzi nazo zifuna zinzake, koma palibe chimene chingapite patali kuposa utali wa chingwe. Sizingagawane khola pakati kuti agalu kum'mawa, mbuzi kumadzulo. Chimene zingathe ndi kuima m'mizere, wa agalu, wa mbuzi, wa agalu, wa mbuzi, mpaka khola lonse litadzaza, ndipo kukula kwa mzere kumatsatira chingwe. M'mapolima mzere wotere umakhala wa mananomita 10 mpaka 100. Nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a milimita, muyezo umene ine ndimangouvomereza poti mutu wanga sungaujambule.

Nanga chingwecho amamanga bwanji, poti zala sizifikako? Kale unyolo ukamakula m'botolo unkaleka wokha pa nthawi imene wafuna, wina wautali wina waufupi, ndipo ukaleka waleka. Mu 1956 Michael Szwarc, wobadwira ku Poland koma akugwira ntchito ku Syracuse m'chigawo cha New York, anasonyeza kuti mukachotsa chinyezi ndi mpweya wonse m'botolo, unyolo wa polystyrene sufa. Tizidutswa tikatha umangodikira, nsonga yake ili yamoyo. Mukathiramo tizidutswa ta mtundu wina, umapitirira ndi timeneto, ndipo chingwe chamangika chokha. Njira zina zosavutirapo zinabwera m'mbuyo: ya Krzysztof Matyjaszewski ku Pittsburgh ndi Mitsuo Sawamoto ku Kyoto mu 1995, ndi ina yotchedwa RAFT yochokera ku bungwe la CSIRO ku Australia mu 1998.

"Zimenezi ine ndinazionapo?"

"Mwina mwazipondapo kale."

Anatola nsapato pakhomo, naitembenuza, nakanikiza chala kunsi kwake. Panalowa pang'ono, atachotsa chala panabwerera. Nsapato zambiri kunsi kwake kumakhala polima wa mbali zitatu, yolimba uku, yofewa pakati, yolimbanso uko. Kampani ya Shell inayamba kumugulitsa m'zaka za m'ma 1960 pa dzina lakuti Kraton. Mbali zolimbazo, zomwe ndi polystyrene, zimaunjikana m'timfundo ting'onoting'ono tomwe timagwira mbali yofewayo kuti ikatamuka izibwerera. Mukatenthetsa kupitirira madigiri 100 timfundoto timafewa, ndipo mutha kuumbanso nsapato ina, chinthu chosatheka ndi mphira wa tayala amene anamuphika ndi sulufule. Polima yemweyu amamuthiranso mu phula la m'misewu kuti lisang'ambike kukazizira kapena kuyenderera kukatentha.

Ndinafunsa ngati nthawi zonse imakhala mizere. Ayi, zimatengera mbali imene yakula. Mbali ziwiri zikalingana zimapanga magawo osanjikizana, lina pamwamba pa linzake. Imodzi ikachepa, kufika mwina gawo limodzi mwa magawo anayi, imapanga timizati toima m'kati mwa inzakeyo, kamzati kalikonse katazunguliridwa ndi tinzake 6. Ikachepanso kwambiri imangopanga timipira tokhala motalikirana mwadongosolo. Ndipo pakati pa magawo ndi timizati pali chinthu china chozunguza mutu chotchedwa gyroid, njira ziwiri zopotanapotana, zolowerana paliponse koma zosakumana. Alan Schoen, akugwira ntchito ku NASA, anachifotokoza ndi masamu mu 1970. Mu 1994 ofufuza ena anachipeza m'mapolima amenewa. Kenako anadzachipezanso pa mapiko a agulugufe ena obiriwira, kutanthauza kuti gulugufe ankauluka nacho kale anthu a masamu asanabadwe.

Palinso nambala imene ophunzira za mapolima amaiimba ngati nyimbo ya fuko, 10.5. Anaiwerengera ndi Ludwik Leibler mu 1980.

"10.5 ya chiyani? Makilogalamu?"

"Si ya chinthu chogwirika. Mutenge kukula kwa chidani cha mbali ziwirizo, muchulukitse ndi utali wa unyolo. Ngati mbali zake n'zolingana ndipo yankho lapitirira 10.5, zipatukana m'magawo. Likachepera, zingosakanikirana."

"Chidani chimayezeka?"

"Chimayezeka, amalume. Ndipo kawirikawiri chimatsika mukatenthetsa."

Kwa anthu zimakhala zosiyana, koma ndinangokhala chete.

Zonsezi zinali za pulasitiki wambiri, wodzaza thumba kapena wokwana nsapato. Funso langa linali la kanthu kamodzi kang'onong'ono, ndipo ndinamukumbutsa. Apa ndi pamene anafotokoza zimene zimachitika patebulo la m'labotale, ndipo kunena zoona ndinkayembekezera makina oopsa.

Amatenga polima wa mbali ziwiri, kawirikawiri polystyrene womangidwa ndi wina wotchedwa P2VP, kaufa koyera kongokwana pansonga ya supuni, n'kukasungunula mu chloroform. Chloroform ndi madzi sizilowana. Amathira chloroform uja m'madzi momwe muli kale mankhwala a mtundu wa sopo, n'kukhutchumula mwamphamvu. Madzi amene munkaona mpaka pansi pa botolo amasanduka mbuu, chifukwa chloroform wasweka kukhala timadontho mamiliyoni, kalikonse katakutidwa ndi sopo kuti kasaphatikane ndi kanzake. Ofuna timadontho tofanana ukulu sakhutchumula, amakankha chloroform kudzera m'galasi la timabowo tofanana, limene ku Japan amalipanga ndi phulusa la mapiri ophulika a ku Kyushu. Akatero amasiya botolo losatseka. Chloroform sachedwa kuuluka, amawira pa madigiri 61 okha. Amatuluka pang'onopang'ono kudzera m'madzimo, kadontho kamafota, maunyolo amene ankasambira momasuka amayamba kupanikizana, ndipo pofika mawa kapena mkuja kadontho kalikonse kasanduka kanthu kolimba.

"Basi? Kusiya botolo losatseka ndiye sayansi imeneyo?"

"Sayansi ili pa sopo."

M'kadontho kofotako muli zofuna zitatu zolimbana. Khungu la kadontho limafuna kuchepa mmene lingathere, ndipo chinthu cha khungu lochepetsetsa ndi chobulungira. Maunyolo a m'kati amafuna magawo awo akhale athyathyathya, osapindika, chifukwa gawo likapindika maunyolo a mbali ina amafinyika, a mbali ina n'kukokeka. Ndiye pali sopo wa kunja uja, amene nayenso ali ndi tsankho lake.

Tinene kuti sopoyo amakonda polystyrene. Polystyrene yense amene ali pafupi amathamangira pakhungu. Chifukwa cha chingwe chija, P2VP wake amakhala pansi pake pomwepo, kenako gawo lina la polystyrene, kenako la P2VP, kuzungulira kuzungulira mpaka pakati. Asayansi amakatcha anyezi kanthu kotere, ndipo mukaona chithunzi chake simungawatsutse. Maunyolo sakondwa nako kupindikako, makamaka a pakatikati pomwe papindika kwambiri, koma khungu ndi sopo zawagonjetsa.

Tsopano sakanizani masopo awiri, wina wokonda polystyrene, wina wokonda P2VP, pa muyezo wakuti tsankho lithe. Mbali zonse ziwiri zili ndi ufulu wofika pakhungu. Magawo aja safunikanso kupindika. Amagona athyathyathya, losanjikiza pa linzake, lalikulu pakati, ang'onoang'ono kumapeto, ndipo kanthu konse kamatalika n'kusongoka uku ndi uku, kali ndi mizeremizere yopingasa.

"Koma katalikiranji? Bwanji osangokhala kobulungira ndi mizere yakeyo?"

Anati funso limeneli ndi la mayeso. Gawo lathyathyathya limafuna kukumana ndi khungu molunjika. Pa chinthu chobulungira, magawo a pakati okha ndi amene amakumana nalo molunjika, a kumtunda ndi kunsi amakumana nalo mopendekera kwambiri, ndipo maunyolo a m'mphepetewo amavutika. Kanthuko kakatalika, mbali zake zimawongokerako ndipo magawo ambiri amapeza mpumulo. Khungu limakula pang'ono, inde, koma zimene maunyolo apindula zimaposa zimene khungu lataya. Ndiye chifukwa chake kadontho kakakulu, kokhala ndi magawo ambiri, kamatalika kuposa kakang'ono.

Gulu la Craig Hawker ndi Edward Kramer ku Santa Barbara linaonetsa tinthu tamizeremizereti mu 2013, ndipo pochotsa tsankholo linagwiritsa ntchito tizidutswa ta golide tokhala pakhungu. Chaka chotsatira anachita zomwezo ndi masopo awiri, naonjeza china chimene chinandigwiritsa pakamwa. P2VP amatupa m'madzi a asidi, polystyrene satupa. Choncho akathira asidi magawo a P2VP okha amafufuma, kanthuko n'kutalika. Akachotsa asidi kamabwerera mwakale. Ku yunivesite ya KAIST ku Daejeon, gulu la Bumjoon Kim lapanga masopo amene tsankho lawo limasintha ndi kutentha, ena ndi kuwala, kotero kuti anyezi asanduke chosongoka kapena chosongoka chibwerere ku anyezi. Ndipo akayamba ndi polima uja wopanga timizati, m'malo motalika kanthuko kamaphwatalala, kotukuka pakati, kopyapyala m'mphepete, nsonga za timizati zikuonekera pamwamba ngati timadontho.

Ndinafunsa ngati kanthu kouma kale kangasinthe chifukwa chakuti sopo wasintha maganizo. Sikangasinthe, anatero. Polystyrene wouma ndi gwa, maunyolo sangasunthe. Amayamba akafewetsanso ndi nthunzi ya chloroform. Ndipo liwiro nalo ndi nkhani: chloroform akauluka mofulumira maunyolo amauma asanapeze malo awo, n'kutuluka chinthu chobulungira cha m'kati mosokonekera. Wina atha kukhala ndi polima woyenera ndi sopo woyenera, n'kulephera chifukwa chakuti pakamwa pa botolo panakula.

"Iwe, zimenezi munaziona ndi maso kapena mumangokhulupirirana?"

Maikulosikopu ya kusukulu singasiyanitse zinthu zochepera mananomita pafupifupi 200, chifukwa kuwala kwenikweniko kumakhala kokulira. Amagwiritsa ntchito ya maelekitironi. Koma nayonso imaona mapulasitiki awiriwo otuwa chimodzimodzi, choncho amayamba aika tinthuto m'kabotolo momwe muli ayodini. Nthunzi ya ayodini imakakamira pa P2VP n'kusiya polystyrene. Anandionetsa chithunzi pa foni. Pamalo potuwa panagona tinthu tosongoka, tina chopingasa tina choimirira, kalikonse ndi mizere yakuda bii yosinthana ndi yowala, yotalikirana mofanana ngati anachita kuyeza ndi rula. Pakona panali kamzere kolembedwa kuti mananomita 500, ndipo tambiri tinali totalika ngati kamzereko. Pofuna kuona m'kati, anati, amakwirira tinthuto m'guluu wolimba n'kumaseteka ndi mpeni wa dayamondi tizigawo tosakwana mananomita 100.

"Ndiye mpeni ulipo!"

"Ulipo, koma ndi woonera, si woumbira."

Ine mmene ndaonera, anthuwa amadzitama pang'ono akamati akulamulira maonekedwe. Salamula kanthu. Amadziwa zimene mbali iliyonse ikufuna, ndiye amakonza malo kuti mkangano uthere kumene iwo akufuna. Si ntchito yochepa ayi, ndipo malipiro aja ndavomereza kuti alandire, koma unyolo ukakana palibe amene angaukakamize.

Pali njira ina yopanda chloroform, yochitikira m'madzi mwenimweni. Mbali imodzi ya unyolo ikhale yokonda madzi, inayo yodana nawo. Mukaponya m'madzi, zodana ndi madzi zimabisala m'kati, zokonda madzi n'kuzitchinga kunja. Kwa nthawi yaitali chimene chinkatuluka chinali timipira basi. Mu 1995 Adi Eisenberg wa pa yunivesite ya McGill ku Montreal, pamodzi ndi wophunzira wake Lifeng Zhang, anayamba kufupikitsa mbali yokonda madziyo. Timipira tinasanduka timitengo, atafupikitsanso tinasanduka timatumba tokhala ndi madzi m'kati. Anapezanso kuti kuthira mchere kumachita zomwezo.

Mchere? Wa m'ndiwo womwewu? Womwewo ungathe. Mbali yakunjayo ili ndi mphamvu ya magetsi imene imachititsa maunyolo kukankhana, aliyense kufuna malo aakulu. Akunja akafuna malo aakulu pomwe am'kati afuna ochepa, chinthucho chimapindika kwambiri n'kukhala kampira. Mchere umaziziritsa kukankhanako, akunja amapanikizana, kupindika kumachepa, kampira kamasanduka kamtengo. Kukachepanso kamasanduka chinsalu, ndipo chinsalucho chimadzitseka chokha kuti m'mphepete mwake musakhudze madzi. Timatumba totere, timene Dennis Discher ndi Daniel Hammer a ku Pennsylvania pamodzi ndi Frank Bates wa ku Minnesota anatitcha polymersome mu 1999, khungu lake ndi lolimba pafupifupi maulendo 10 kuposa khungu la mafuta la mtundu umene umakuta maselo a m'thupi.

Ku Sheffield, Steven Armes ndi anzake amakulitsa mbali yodana ndi madziyo m'madzi momwemo, ndiye maonekedwe amasintha unyolo ukukula. Akatapa pang'ono nthawi ndi nthawi n'kujambula, amaona timipira tikulumikizana kukhala zimene amazitcha nyongolotsi, nyongolotsi zikuphukira nthambi, pakati pa nthambi pakuyalika chinsalu, chinsalu chikupindika miyendo ili lendelende, mpaka chitatsekeka kukhala thumba. Zithunzi zimenezi anazitulutsa mu 2011. Nyongolotsizo zikachuluka zimagwirana, madzi n'kulimba osayenderera. Chodabwitsa n'chakuti zina mwa izo mukaziika mufiriji pa madigiri 4 zimaduka kubwerera ku timipira ndipo madzi amayendanso, mukazitulutsa zimalimbanso. Zinthu zambiri zimalimba zikazizira, izi zimasungunuka. Phindu lake n'lakuti zili zozizira mutha kuzisefa kuchotsa mabakiteriya, kenako n'kusungiramo maselo amoyo.

Mawu akuti phindu atangotuluka ndinawagwira. Chabwino, mwapanga anyezi wosadyeka ndi nyongolotsi zosakola nsomba. Ndiye kuti chiyani?

Anayamba ndi utoto. Magawo aja akatalikirana mokwanira, mananomita oposa 100, amabweza kuwala kwa mtundu umodzi n'kulola ina kudutsa, ndipo chinthucho chimaoneka chabuluu kapena chobiriwira ngakhale mulibe utoto. Kuti magawo akule chonchi amagwiritsa ntchito maunyolo okhala ndi tinthambi tambirimbiri m'mbali, amene sapindika msanga. Gulu la Silvia Vignolini ku Cambridge linapanga timipira ta mitundu yowala mwa njira imeneyi. Mayi yemweyu ndi anzake ndi amene mu 2012 anafotokoza chinsinsi cha Pollia condensata, kachipatso kabuluu konyezimira ka m'nkhalango za mu Africa muno, kamene mtundu wake umachokera ku kasanjidwe ka magawo a m'khungu lake, ndipo sikasuluka ngakhale katasungidwa zaka makumi angapo. Utoto wosasuluka ndi dzuwa, aliyense amene anapakapo nyumba angaufune.

Koma apa panabuka funso lina, ndipo ili sindinalifunse moseka. Kuno kwathu boma linaletsa majumbo opyapyala osakwana mamaikironi 60 mu 2015, makampani anakamang'ala ku khoti, ndipo Khoti Lalikulu la Apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019. Jumbo timamuona, titha kumutola m'ngalande. Nanga pulasitiki wosaoneka akatayika amutola ndani? Sanazembe. Anati polystyrene saola, akhale wamkulu kapena wamng'ono, ndipo mayiko a mu European Union anakhazikitsa lamulo mu 2023 lochepetsa tizidutswa tapulasitiki tothiridwa dala m'zinthu zogulitsa. Za m'labotale n'zochepa kwambiri, zoyezedwa m'mamiligalamu, koma tsiku limene wina adzafune kudzaza nazo zitini za penti, funsoli lidzamupeza. N'chifukwa chake ofuna kuika tinthuti m'thupi la munthu amasankha mapolima ena, monga polylactide, amene amasweka pang'onopang'ono m'madzi n'kusanduka asidi yemwe thupi limamudziwa kale.

"M'thupi la munthu? Mukufuna kutibaya pulasitiki?"

"Kunyamulira mankhwala, amalume."

Mankhwala ambiri a khansa sasungunuka m'madzi, pomwe magazi ndi madzi. Mukawabisa m'kati mwa kampira kaja, pamalo podana ndi madzi, amayenda m'magazi bwinobwino. Vuto ndi asilikali a m'thupi, maselo amene ntchito yawo ndi kumeza chilichonse chachilendo. Ndipo pamenepa ndi pomwe maonekedwe amalowera. Mu 2006 Julie Champion ndi Samir Mitragotri ku Santa Barbara anapatsa maselo amenewa tizidutswa ta polystyrene ta maonekedwe osiyanasiyana n'kumaonerera. Selo likakumana ndi kanthu kosongoka chakunsonga, linkakameza m'mphindi zochepa. Likakumana nako cham'mbali, pathyathyathya, linkangoyala thupi pamwamba pake osatha kukameza. Kanthu komweko, ukulu womwewo, kusiyana ndi pogwirira. Chaka chotsatira gulu la Discher linabaya mbewa ndi makoswe a m'labotale nyongolotsi zazitali za block copolymer, ndipo zinakhala zikuzungulira m'magazi mpaka sabata yathunthu, pafupifupi maulendo 10 kuposa timipira ta polima yemweyo.

Ndinafunsa ngati asilikaliwo alibe manja awiri. Anati ndisiye nthabwala, selo limayenera kuzinga chinthu ndi khungu lake kuti lichimeze, ndipo chinthu chachitali chogwedezeka ndi kuyenda kwa magazi n'chovuta kuchizinga.

Funso langa lomaliza linali la munthu amene anakhalapo pamzere wa kuchipatala. Pa zonsezi, anyezi, zosongoka, zaphwatalala, nyongolotsi, matumba, chimene chinafika pa mkono wa wodwala ndi chiti?

Anaganiza kaye. Pali mankhwala a khansa otchedwa paclitaxel, amene poyamba ankawatenga ku khungwa la mtengo wa yew wa kumadzulo kwa North America. Chifukwa sasungunuka m'madzi, ankawasungunulira m'mankhwala opangidwa kuchokera ku mafuta a nsatsi, ndipo odwala ena thupi linkawakana mwamphamvu mafutawo, mpaka kubanika. Kampani ya Samyang ya ku South Korea inaika paclitaxel m'timipira ta block copolymer, mbali imodzi polyethylene glycol, inayo polylactide, ukulu wake mananomita 20 mpaka 50. Dzina lake ndi Genexol-PM, ndipo mankhwalawa anayamba kugulitsidwa m'dzikolo mu 2007 pa khansa ya m'mawere ndi ya m'mapapo. Palinso ma block copolymer ena amene alowa kale m'nyumba zathu mwakachetechete. Mukatenga botolo la mankhwala otsukira m'kamwa n'kuwerenga timalemba ta kumbuyo, pa mabotolo ambiri mupeza mawu akuti poloxamer 407. Ameneyo ndi unyolo wa mbali zitatu, ndipo ntchito yake ndi kubisa mafuta onunkhira m'timipira kuti asayandame pamwamba.

"Zonsezo ndi timipira," ndinatero.

"Ndi timipira, amalume."

Ndiye pamene nkhani ili ndi pamenepa. Kampira wamba, kosavuta kupanga kofanana lero ndi mawa ndiponso kochuluka, ndi kamene kadutsa kwa oyeza mankhwala n'kufika m'chipatala ndi m'sitolo. Anyezi, tosongoka tamizeremizere ndi taphwatalala tija, ngakhale zithunzi zake n'zokongola chotani, tikadali m'mabotolo a m'labotale.